Lupsa la Bhekifa

"Ndiye ukundiuza kuti ng'ombe zanga zija zinapita kuyunivesite kuti iwe uzikagwada m'tchire n'kumawerenga udzu?" adafunsa Bhekifa Mazibuko, supuni ili m'malere.

"Si udzu wokha, ababa. Timawerenga chilichonse chomera pamalopo," adayankha mwana wake Khethiwe.

"Chabwino, werengani. Koma ukafika pa Chitunda cha Akazi ukalembe kuti kale unali munda. Timawu tochepa basi. Dzanja silingathyoke."

"Ndikalemba zomwe ndikapeze."

"Wamva, MaMiya? Wamumva mwana wakoyu?"

MaMiya adamva, koma adapitiriza kuthira chambiko m'mbale ya phuthu, nsima yoyoyoka ija, ngati kuti phokosolo likuchokera kwa aneba. Ukwati udamuphunzitsa kuti mwamuna wake akati "mwana wako" ndiye kuti zamuthina. Khethiwe ankakhala wa Bhekifa pa tsiku lolandira satifiketi lokha.

Nkhani yake inali iyi. Kampani ina ya mitengo inkafuna kudzala bulugamu pachitunda cha kuseri kwa mudzi, pomwe akazi amamweta udzu wofolera m'nyengo yozizira. A nduna a mfumu oyang'anira mudziwo, munthu wosakonda mikangano, adasamba m'manja. Adati ngati pamalopo padalimidwapo kale, ndiye kuti ndi munda wa banja la Mazibuko ndipo Bhekifa angachite nawo zomwe afuna. Koma ngati pulawo siidadutsepo, ndi pa anthu onse, ndipo boma silingalole kuti pagalauzidwe. Oti adzaone zimenezi anali akatswiri a zomera ochokera ku Maritzburg, ndipo mmodzi mwa iwo anali Khethiwe, yemwe adangobwera kudzacheza ntchitoyo isanayambe.

"Bambo anga analima pamenepaja ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi," adatero Bhekifa akudziguguda pachifuwa. "Ine ndinali kutsogolo ndi chingwe."

"Apongozi anga aja?" MaMiya adalephera kupirira. "Munthu amene ankatopa ndi kuonerera anzake akulima?"

"Iwe unali usanabwere."

"Ababa," adatero Khethiwe modekha, "nthaka siiwala. Pomwe pulawo inadutsa, ngakhale patapita zaka makumi angati, pamamera mitundu ya udzu yosakwana zala za dzanja limodzi. Zomera za pachitunda zimakhala ndi nkhokwe zake pansi, zina ngati anyezi, zina ngati mbatata. Pulawo ikazidula sizibwereranso. Komanso mwawaganizira amayi aakulu? Bulugamu akadzalidwa, kasupe wawo adzauma, udzu womwe amagulitsa udzatha. Azidzadya chiyani?"

Amayi aakuluwo anali MaZondo, mkazi wamasiye wa mkulu wake wa Bhekifa, yemwe nyumba yake inali m'munsi mwa chitundacho.

"MaZondo ndi mlendo pa Mazibuko," adatero Bhekifa. "Anabwera pano chifukwa cha ng'ombe zathu. Amene anamubweretsa anapita."

"Inenso ndinabwera chifukwa cha ng'ombe zanu," adatero MaMiya.

"Iwe ndi nkhani ina. Iwe ndikumangira nyumba ya malata, ya mawindo anayi, uzidzaphikira pa magetsi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mkazi wanga. Usamalirire za eni."

Tisanamizane, nyumba ya malatayo MaMiya ankaifuna ndi mtima wonse. Ndipo MaZondo sanali munthu woti n'kumufera. Kutchalitchi ankayambitsa nyimbo pamwamba dala kuti anzake atsamwe, ndipo akabwereka sefa ankabweza atauzidwa kachitatu. Choncho MaMiya adangomukankhira mwamuna wake mbale.

Bhekifa adadya masupuni awiri, kenako adafunsa mofatsa, mofatsa mokayikitsa: "Nanga mwana wanga, mutafika pamalo n'kupeza palibe choti muwerenge?"

"Palibe choti tiwerenge, palibenso choti tilembe," adatero Khethiwe, osadziwa kuti wapereka nkhuni.

M'mawa mwake adakwera minibasi kubwerera kutauni, akuti adzabwera ndi anzake pakatha masabata angapo.

Mphepo ya Ogasiti yotsika m'phiri la Khahlamba ilibe chisoni. Tsiku lina masana, akazi ali kumsonkhano wa kutchalitchi, utsi udaoneka kuseri kwa mudzi. Pomwe anthu ankathyola nthambi zozimitsira, moto unali utakwera kale chitunda chonse n'kutsikira mbali inayo. Nyumba zidapulumuka chifukwa cha mtsinje, koma Chitunda cha Akazi chidatsala bii.

Madzulo ake MaZondo adafika kwa Bhekifa, phulusa mpaka m'mawondo, m'manja muli zenga lopanda mpini.

"Odi kuno."

"Lowani, MaZondo," adatero MaMiya akuyala mphasa. "Zatheka bwanji kumtundaku?"

"Mitolo yanga yonse yapita. Ndinaiunjika pamwamba paja kudikira ngolo."

"Yonse?"

"Ngakhale wosesera pakhomo sunatsale. Ndipo denga lakale ndinasasula kale dzana, poti ndimati sabata ino ndifolera latsopano. Panopa ndikagona ndikumawerenga nyenyezi kudzera m'mapaso."

"Abusa a ng'ombe awa!" adakalipa Bhekifa ali pampando wake, nkhope atalozetsa kukhoma. "Ana a masiku ano ndi fodya wawo! Ndikamugwira mmodzi adzandidziwa."

MaZondo adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, tatembenukani. Nsidze zapita kuti?"

"Mbaula," adatero Bhekifa. "Ndimayatsa mbaula ya parafini ndiye inandilavulira."

"Pepani. Mbaula za masiku ano nazonso zatengera abusa."

Mlendo atapita, MaMiya adaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Khethiwe, mbaula ija inatha parafini sabata yatha."

"Mkazi wanzeru amaona ndi maso, pakamwa n'kutseka," adatero Bhekifa, ndipo adayamba kuseka yekha. "Wamva zomwe ananena mwana wako. Palibe chowerenga, palibe cholemba. Abwere ndi mabuku awo adzawerenge makala! Akalephera, mawu anga ndi omwe adzatsale, ndipo ine ndikuti unali munda. Nkhanga zinapangana kusanapse, mayi."

"Nanga nyumba ya MaZondo?"

"Ndinadziwa bwanji kuti wasasula? Munthu amasasula denga udzu usanafike pakhomo?"

MaMiya adatsegula pakamwa kuti amuuze zomwe mkazi aliyense womweta udzu amadziwa za lupsa, koma adatsekanso. Si ndiye adauzidwa kuti atseke? Bhekifa adabadwira pomwepo, inde, koma amuna a kwathu chitunda amachiona ndi maso a ng'ombe. Chodyedwa amachitcha msipu, chosadyedwa kwa iwo kulibe.

Patangopita masiku ochepa, nkhungu itagona pachitunda kangapo ndi kamvula kowaza, MaMiya adaphika buledi wa nthunzi n'kupita naye kwa MaZondo. Adadutsa dala njira ya pamwamba. Pa nthaka yakudayo panali patatuluka kale timaluwa tofiira, topanda ndi tsamba lomwe, tili njo ngati tabwera kudzaona amene adatidzutsa. Pambali pake tina tachikasu tinali titayamba kusuzumira. MaMiya adaseka mpaka adakhala pamwala.

Kuseka kudatha atafika kumunsi. Nyumba ya MaZondo inali mapaso okhaokha. Katundu adamuunjika pakona n'kumufunditsa pulasitiki, ndipo mwini wake anali kukhosomola.

"Mwabwera kudzaona chionetsero?" adafunsa MaZondo.

"Ndabwera ndi buledi. Mukafuna kukangana, yambani mwadya."

Adadya. Kenako MaZondo adaloza m'mwamba.

"Mapaso awa anadula ndi amuna anga. Mvula ikawapeza chonchi avunda, khoma ligwa. Udzu kulibe dera lonseli mpaka chaka chamawa. Ndikachoka pano kupita kwathu, ndiye kuti alamu apeza zomwe amafuna, chitunda ndi bwalo lomwe."

"Bwanji osakadandaula kwa a nduna?"

"Ndikanene kuti ndinaona nsidze? Mkazi wamasiye akaloza mlamu wake chala popanda mboni, chodulidwa ndi chalacho. Mboni ilipo imodzi, koma ikudikira nyumba ya malata."

Mawuwo adamulasa MaMiya, ndipo adachita manyazi kwambiri. Adabwerera kwawo mtima uli thii, akukumbukira kuti nayenso Bhekifa ali ndi mng'ono wake ku Thekwini, wa maso akuthwa kuposa iye.

"Bambo a Khethiwe," adafunsa atafika, "inu mukadzafa, mng'ono wanu adzandichita chiyani ine?"

"Ndani wakuuza kuti ndikufa?"

"Mkulu wanunso sanatiuze. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Tandipatsa tiyi," adatero Bhekifa. "Miyambi yako sinditha kumwera."

Iye kuchitunda sankapitako, kuopa kuti anthu anganene kuti wopalamula amabwerera pomwe adapalamulira. Ankangochiyang'ana ali pakhola, n'kumaona kuti chayamba kubiriwira. "Msipu basi," ankatero. "Msipu umamera ndi m'munda momwe."

Tsiku la akatswiri lidafika kumwamba kuli mitambo yolemera. Adabwera pa galimoto yamatope: Khethiwe, anzake awiri, ndi mkulu wawo, mzungu wachikulire wa kabudula yemwe anthu adangomuona kamodzi n'kumutcha Madevu. Pambuyo pawo padafika bambo wa kukampani, wa nsapato zosongoka zosayenera phiri. Mudzi wonse udawatsatira, poti zaulere sizidutsa kawiri. Bhekifa adavala jekete la kumaliro ndi chipewa chotsikira pamphumi.

Khethiwe adatsitsa chifelemu cha mapaipi cha ngodya zinayi.

"Taonani," adatero Bhekifa mokweza kuti anthu amve. "Zaka zinayi kuyunivesite, abwerako ndi chifelemu chopanda chitseko!"

Anthu adaseka, ndipo Khethiwe adangomwetulira. Adayambira kumunsi, pa tsala la munda wakale womwe aliyense ankaudziwa kuti unali munda. Adagoneka chifelemu pansi, adagwada, n'kumatchula zomera zomwe zinali mkati mwake, mnzake akulemba. Sadachedwe. Adasuntha, adagonekanso, mayina omwewo. Bhekifa adagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira.

Kenako adakwera chitunda, ndipo atangopitirira mwala waukulu Bhekifa adaima ngati waponda minga.

Chitunda chonse chinali maluwa. Achikasu, oyera, ofiirira, ena obiriwira ngati kumwamba, ena ang'onoang'ono oti uchite kugwada kuti uwaone. Udzu wautali womwe unkawaphimba zaka zonse kunalibe, ndiye aliyense adatuluka kudzadzionetsa. Bambo wa kukampani adayang'ana Bhekifa, Bhekifa adayang'ana nsapato zake.

"Mayo ine!" adafuula Madevu m'Chizulu chake cha kufamu, akugwa ndi mawondo. "Khethiwe, bwera ndi chifelemu! Ayi, usasankhe malo, ponya paliponse!"

Chifelemu chidagwa, kutchula kudayamba, ndipo sikunkatha. Wolemba adatembenuza pepala. Amayi ena adayamba kuthandiza ndi mayina a kumudzi, uwu ndi wa chifuwa, uwu timasambitsira makanda, mpaka ntchito ya boma idasanduka mpikisano. Madevu adafukula pang'ono m'mbali mwa kachitsamba kena kosafika ndi m'kakolo momwe, ndipo pansi padaoneka chitsinde chachikulu ngati mutu wa munthu.

"Ichi," adatero akuchisisita, "chinali pano agogo a agogo anu asanabadwe. Pulawo ikanadutsa ikanachidula pakati. Pano sipanalimidwepo, abale anga, ngakhale kamodzi."

Bhekifa adasendera kwa mwana wake n'kunong'ona: "Khethiwe, chibale n'fupa, sichiola. Cholembera chili m'manja mwanu."

"Ababa," adanong'onanso iye, maso ali ndi misozi, "ngakhale nditafuna kukunamirani, maluwa onsewa ndingawabise pati?"

Bambo wa kukampani adati ali ndi msonkhano wina, ndipo adatsika chitunda akuterereka. Akazi adayamba kuseka chamumtima. Koma MaMiya adayang'ana MaZondo, yemwe adaima payekha atafunda bulangete, maso ali ku mitambo. Chitunda chinali chitapulumuka, koma nyumba yake inali idakali mapaso.

Madevu adadzuka akudzisansa mawondo, nkhope ili ngwee.

"Koma ndifunse chinthu chimodzi. Anatentha pano ndani?"

Anthu adayang'ana pansi. Ena adayamba kuchita chidwi ndi nyerere.

"Musaope, sindikufuna kumumanga. Ndikufuna kumugwira chanza! Tikanapeza udzu wautali, theka la zomera izi sitikanaziona, ndipo mwina tikanakangana ndi akampani mpaka chaka chamawa. Koma munthu ameneyu anatentha pa nthawi yake yeniyeni, mvula ili pafupi, moto wothamanga wosapsereza mizu. Ine ndagwira ntchito imeneyi mpaka ndevu kuyera, sindinaonepo lupsa lokongola chonchi. Ameneyu ndi katswiri. Ameneyu amalidziwa dziko!"

MaMiya adaona khosi la mwamuna wake likutalika pang'onopang'ono kuchoka m'jekete. Ankamudziwa bwino. Bhekifa akadatha kupirira njala, ngongole ndi dzino lobowoka, koma kumva chitamando chikuyendayenda chopanda mwini, chimenecho ayi. Tsiku lonse anali atasekedwa, ndipo apa panali ulemu uli pambalambanda, wochokera kwa mzungu wa ndevu, pamaso pa mudzi wonse.

MaMiya adaganiza za malata ake, adawatsanzika mumtima, ndipo adaimba nthungululu.

"Mwelase!" adafuula, kumutchula mwamuna wake ndi dzina la mfunda wa a Mazibuko lomwe ankalisunga pa masiku aakulu okha. "Mwelase wanga! Mudzichepetsa mpaka liti? Anthu akufuna katswiri, inu mwangoti duu?"

"Iwe, MaMiya..." adatero Bhekifa, koma pakamwa panali patayamba kale kumwetulira.

"Ndi inu, bambo?" Madevu adathamangira n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. "Munadziwa bwanji tsiku lake?"

Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Bhekifa adakankhira chipewa kumbuyo, adatsokomola, n'kuyang'ana anthu onse.

"Eee, zinthu izi n'zobadwa nazo," adatero. "Umayamba waona mphepo. Ukaona kuti ikuchokera kuphiri, umayatsira kumunsi, cha kumwala uko, kuti moto ukwere wokha. Ana a sukuluwa sangazidziwe."

"Cha kumwala uko," adabwereza MaZondo.

Sadakweze mawu, koma aliyense adamva. Adayenda pang'onopang'ono mpaka adaima patsogolo pa mlamu wake.

"Zikomo, alamu. Ine ndimangoimba mlandu ana a eni, kuti ndi abusa. Kani ndi katswiri wa m'banja mwathu momwe."

Dzanja la Bhekifa lidakali m'manja mwa Madevu, amene ankayang'ana uku ndi uku osamvetsa chomwe chaphwetsa chisangalalo. Khethiwe adabisa nkhope m'chipewa. Wina kumbuyo adaphulika kuseka, kenako chitunda chonse.

Mlanduwo sudafune n'kukhalira pansi komwe. Amuna achikulire omwe anali pomwepo adangokumbutsana zomwe aliyense amadziwa: wotentha cha mnzake amabweza chomwecho, ndipo amabweza mvula isanagwe.

"Udzuwo ndiugula," adatero Bhekifa.

"Kuti?" adafunsa MaZondo. "Mwautentha wonse."

"Udzu ulipo," adatero MaMiya. "Wabwino, wa chaka chatha chomwechi, ndinamweta ndekha. Uli pa denga lathu."

Masana omwewo Bhekifa anali pamwamba pa nyumba yake, jekete la kumaliro atapachika pa mpanda, akusasula udzu n'kumaponyera pansi. MaMiya ndi Khethiwe ankamanga mitolo, akazi a m'mudzi n'kumasenza kupita kumunsi kwa chitunda akuimba, MaZondo atayambitsa nyimbo pamwamba monga mwa nthawi zonse.

"Wandigulitsa, mkazi iwe," adatero Bhekifa ali pamwambapo. "Pamaso pa anthu."

"Ine ndinangokutamandani. Si zimene mumadandaula kuti sindichita?"

"Malata ako aja uiwale."

"Ndaiwala kale. Ponyani mtolo uwo."

Dzuwa lisanalowe denga la MaZondo linali litatsekeka, ndipo la Bhekifa linali mapaso okhaokha. Kuphiri kudagunda, mphepo idasintha, madontho oyamba adayamba kugwa pa fumbi. Khethiwe anali atapita ndi anzake. Bhekifa adaima pakati pa nyumba yake, adayang'ana kumwamba, dontho lidamugwera pamphumi.

"Nanga ife tigona kuti?" adafunsa ndi mawu aang'ono.

"Tiyeni tikapemphe," adatero MaMiya, akumusenzetsa mabulangete.

Adatsika njira ya kumunsi mvula ikuwamenya kumsana. Pakhomo pa MaZondo, MaMiya adabwerera m'mbuyo dala kuti mwamuna wake akhale patsogolo. Bhekifa adaima kanthawi, madzi akutsika m'chipewa, akuyang'ana chitseko chomwe mkulu wake adapala ndi manja ake.

"Odi," adatero potsiriza. "Odi, alamu."

Chitseko chidatseguka. MaZondo adawayang'ana onse awiri kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sadafulumire.

"Nyumba ya mkulu wanu sinakanepo munthu," adatero. "Lowani. Koma machesi mundipatse, ndisunge ndine."